Amayi Anga ndi Makina Odana ndi Phokoso

Amayi anga anakolopa chipinda chimodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, osavala nsapato. Chipindacho chinali pansi pa nyumba ya kafukufuku pa yunivesite, ndipo munali chithanki chozizira kuposa ayezi. Abwana awo, a Pulofesa, anawafotokozera kamodzi kokha: m'thankimo muli tinthu tosaoneka ndi maso, tomangana ngati mfundo ya chingwe. Kugwedezeka pang'ono mfundoyo imapirira, koma phokoso likachuluka imamasuka, ntchito ya miyezi n'kulowa m'madzi.

Choncho amayi, omwe kale ankatsogolera nyimbo ku kwaya, anaphunzira kukhala chete. Chogwirira cha ndowa anachikulunga ndi nsanza. Makiyi ankawamanga ndi mphira. Chifuwa chikawagwira ankathamangira panja kukatsokomolera kumeneko. M'kupita kwa zaka, kwaya ija anaisiya, akuti mawu sakutulukanso.

Koma maso anali nawo. Pokolopa anaona kuti mzere wa pa kompyuta umanjenjemera nthawi iliyonse chikepe chokweza ndi kutsitsa anthu m'nyumbamo chikamatsika.

"Abwana, kodi vuto si chikepechi?" anafunsa tsiku lina.

A Pulofesa anaseka. "Mayi, inu gwirani mopu. Zasayansizi tisiyireni."

Chaka chimenecho mfundo zija zinamasuka katatu. Panafunika womuloza chala, ndipo chala sichinavutike kupeza wa mopu. Kalata yowachotsa ntchito inati amayenda mwaphokoso. Amayi anga! Munthu woti ngakhale mphaka ankamusirira kayendedwe.

Patatha miyezi isanu ndinakumana ndi mlonda wa pageti la yunivesite.

"Achemwali, simunamve?" anatero. "Chikepe chija anachitseka. Makina akuyenda bwino tsopano, a Pulofesa alandira ndi mphoto yomwe. Akuti vutolo analitulukira okha."

Paja amati wamisala anaona nkhondo, koma amayi anga sanawaitane n'komwe kuti awapepese. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo Pulofesa amene uja sindinamukhululukire.

Nditafika kunyumba ndinawauza amayi zonse, mawu ali m'mwamba, misozi ili chuchuchu. Ndinkafuna akalipe, atukwane, aphwanyeko mbale ngakhale imodzi. Iwo anatsitsa kapu yawo patebulo pang'onopang'ono, osamveka ngakhale kuti go, kenako anandiyang'ana.

"Tsitsa mawu, mwana wanga," ananong'ona. "Ukusokosa."