Mpeni umene unkapindika

Fungo la utuchi wa paini likasakanikirana ndi la nsomba yaiwisi, ine mpaka lero mtima umabwerera ku Chikanda, chaka chimene ndinali Sitandade 5. Inali nyengo yozizira. Nkhungu inkatsika m'phiri la Zomba m'mamawa n'kukhala pamalata athu mpaka dzuwa litakwera, ndipo madzi a pampopi ankaluma zala. Utuchiwo unali wa abambo, amene ankacheka matabwa kuphiriko. Unkapezeka m'matumba a malaya awo, m'tsitsi, ngakhale m'bulangete. Koma nyengo imeneyo phiri sankakweranso. Chipika chinawagwera pamwendo, ndiye ankangokhala pakhonde mwendo uli m'chikhakha, n'kumalamulira nkhuku.

Nyumba yonse inatsamira pa beseni la amayi. Ankagulitsa makumba ndi milamba ya ku Chilwa mumsika waukulu, koma kukazizira nsomba zimavuta, ndipo masiku ena beseni linkangogona pansi pa bedi. Phala la m'mawa linayamba kuchepa shuga, kenaka linasiyiratu.

Tsiku lina kumsikako kunabwera a Saidi, bambo wachikulire amene ankaphika panyumba ina ya alendo kuphiri. Anati alendo awo amafuna chambo cha mnofu wokhawokha, chopanda ngakhale kamunga kamodzi, koma manja awo anali atayamba kunjenjemera. Ankafuna munthu woti azikwera kukawakonzera nsombazo. Panali kale mayi wina amene ankaifunanso ntchitoyo.

"Mungathe, amake Esinati?" anawafunsa amayi anga.

"Nsomba ndi nsomba, a Saidi. Loweruka ndabwera."

Koma abale, amayi anga! Chibadwire anali asanachotsepo mnofu pa minga. Kwathu nsomba timapala mamba, kutumbula, basi n'kulowa mumphika ndi mutu womwe. Atafika kunyumba anayesera pa makumba ndi mpeni wawo wa kumsika, ndipo mnofu unanyenyeka ngati watafunidwa ndi mphaka. Abambo anaitanitsa chimpeni chawo chosendera mbuzi pa Khirisimasi. "Mpeni ndi kulemera, mayi. Gwirani uwu muone." Amayi anaugwiradi, ndipo unadula nsombayo pakati ndi msana womwe. Sanapse mtima. Anakhala pansi, nayendetsa chala chachikulu pa nthiti za nsomba ija kangapo konse, kenaka anawauza abambo kuti nsomba si thabwa. Nthiti zake n'zokhota, choncho mpeni nawonso uyenera kukhota.

Lachisanu nditaweruka kusukulu ananditenga kokasankha mpeni. Tinayambira m'masitolo, pamene mipeni inali yonyezimira moti ndinkadzionera mano. Ine ndinakopeka ndi wina wa chigwiriro chofiira. Amayi anagunditsa nsonga yake pakauntala n'kukanikiza. Sunagwedere n'komwe, ndipo anaubweza. Wina unapindika bwinobwino koma unangokhala chipindikire, ndipo mwini sitolo anatuluka nafe mpaka pakhomo akutilalatira. Ndinachita manyazi mpaka ndinalakalaka pansi patang'ambika, koma amayi ankangoyenda mwakachetechete, chitenje chili nganganga m'chiuno.

Tinakathera kuseri kwa msika, kwa mkulu wina wonola mipeni ndi nkhwangwa amene ankayalanso zakale pa chiguduli: masupuni, maloko opanda makiyi, zotsegulira zitini. Pamenepo panali kampeni kakuda, katali kupitirira pang'ono chikhatho cha amayi, kopyapyala chifukwa chonoledwa zaka zambiri. Amayi anakakanikiza pathabwa. Kanawerama ngati nsungwi yanthete, ndipo atakasiya kanawongoka kokha. Anayang'ana ngati chitsulo chalowa mpaka kumapeto kwa chigwiriro, nagwedeza misomali yake itatu. Kenaka anachita chimene chinamuseketsa mkulu uja: anapita pa benchi ya mnzawo wogulitsa milamba, nanyika dzanja m'madzi oterera a m'beseni, n'kubwera kudzagwira mpeniwo. Chigwiriro cha mtengo sichinaterereke.

"Mayi inu mukusankha mpeni kapena mkamwini?" anafunsa mkuluyo.

"Mkamwini akavuta timabweza kwawo. Uwu ndikhala nawo. Ndinolereni mbali zonse, koma musaudye kwambiri."

Pobwerera ndinawauza mosabisa kuti agula chinthu chonyansa. Iwo anangoti, "Ukaipa dziwa nyimbo, Esinati," ndipo madzulo amenewo anayesera pa makumba anayi mpaka dzanja linazolowera.

Loweruka tinalawirira kukwera phiri. Tinkapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu ndi abambo a njinga zodzaza zipika, mabuleki akulira. M'mbali mwa msewu ogulitsa masitiroberi anali akuyala mbale zawo, milomo ili gwa ndi chisanu. Khitchini ya a Saidi inali yofunda, yonunkhira buledi, ya windo lalikulu loyang'ana ku mitengo ya paini. Patebulo panali chambo zisanu ndi chimodzi, zonenepa kuposa zimene ndinaonapo. Mayi wina uja anali atayesedwa kale dzulo lake.

"Ine ndikufuna mnofu wokha," anatero a Saidi akutuluka kukatenga nkhuni. "Mitu ndi minga mutenge, ndi zanu."

Kwathu tinali titatha masiku tikudyera nkhwani zopanda tomato. Ndinawakoka amayi chitenje n'kuwanong'oneza kuti azisiyako mnofu pang'ono pa mingapo, a Saidi sadziwa. Anandiyang'ana kamodzi kokha, diso lija loti sitibwerezanso, nandiuza kuti ndigwire mbale.

Anacheka kuseri kwa mutu, nalowetsa nsonga pamsana. Mpeni uja unagona, nupindika, n'kumatsata nthiti ukulira kuti kere kere kere mpaka kumchira. Mnofu unadzuka wathunthu, wosalala, wotuwa mofiirira. Anautembenuza, nagwira kumchira, ndipo khungu linatsala patebulo lokhalokha. Ine ndinkayang'ana zotsala zija zikugwera m'mbale mwanga, ndipo chilichonse chinali choyera kuposa chinzake. Kunena zoona, misozi inalengeza. Mpeni umenewo ndinaudana nawo.

A Saidi atabwera, mnofu sanauyang'ane n'komwe. Anapisa dzanja m'mbale mwanga, nanyamula minga ya chambo chimodzi pogwira kumchira, n'kuiyimika pawindo. Kuwala kunadutsa pakati pa nthiti zonse moti ndinaona mitengo ya panja. Anatenga yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza. Anati umo ndi mmene anawayesera iwo ali mnyamata, ndipo mayi wa dzulo uja minga yake inatseka windo.

"Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka, amake Esinati. Mpeniwu musabwereke munthu."

Amayi anawomba m'manja mwaulemu, napukuta mpeni wawo, n'kuukulunga m'kansalu ngati sizinachitike zachilendo. Potsika phiri ankaimba nyimbo ya kumvano. Ine ndinali nditatupa mpaka ku Chikanda.

Nyengo yonse yozizirayo tinadya mitu ya chambo katatu pa sabata. Mitu inkapita kwa abambo, kuti mwendo ugwire, ndi kwa ine. Amayi ankatenga minga ija n'kumaitsopa pang'onopang'ono, akunena kuti kukoma kwa chambo kuli m'fupa, ndipo ine ndinkakhulupirira. Ndinkaganiza kuti amayi ndi ouma mtima, okonda mbale ya alendo osawadziwa kuposa mimba ya mwana wawo.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti pa minga imeneyo panalibe chokoma chilichonse. Anali atazikonza okha, ankadziwa bwino chimene chatsalapo. Akanandimvera tsiku lija, tikanakhuta Loweruka limodzi, koma Lachiwiri bwenzi atakwera phiri ndi mayi wina. Mnofu umene ndinkaulirira, munthu woyamba kuusowa m'nyumba mwathu anali iwo.