Nthambi za mango pamsewu wa kumsika

Mawu anga sanali aang'ono. Ndikaitana mdzukulu wanga ndili m'munda wa nandolo, ankamva ali kuchitsime. Anthu ankandinena kuti ndinameza belu la ku Nguludi. Aziti choncho. Ine ndinkadalira pakhosi pangapa kuposa munthu aliyense, pakuti anthu amaseka ndi mano okha.

Kamtsikanako anandisiyira ndi mwana wanga pomwalira, kasanayambe n'sukulu yomwe. Zaka zimenezo kunali mphekesera za opopa magazi ndi oba ana, ndiye ndinakaphunzitsa chinthu chimodzi: munthu wosamudziwa akakuitana dzina, usayankhe. Bisala, udikire mawu anga.

Matipate atabwera, msika wa pa Mbulumbuzi unadzaza masipika. Aliyense ati ufulu. Wogulitsa makaseti ndi sipika yake, mlaliki ndi yake, kenaka kunabwera anyamata oimba ndi gitala ndi batire ya galimoto, wina akuvina atavala jekete lazigamba. Phokoso lake silinkathera m'khutu, linkagunda m'chifuwa. Ndinakadandaula kwa atcheya a msika. Iwo anati, "Anganga, nthawi yotseka anthu pakamwa ija inapita." Thobwa limene ankamwa ndinali nditaona amene anawagulira: eni masipika omwewo.

Tsiku lina ndili pamsikapo ndi mwanayo, ndinawerama kuti ndimuyezere munthu nandolo. Poweramuka, mwana palibe.

Ndinaitana. Pakamwa ndinatsegula, m'khosi munachita kuwawa, koma ngakhale ine mwini sindinadzimve. Minibasi inali itaima chitseko chili pululu, kondakitala akukankhira anthu mkati. Bambo wina ankamanga thumba lalikulu panjinga, ndipo maso anga anakakamira pathumbalo kuona ngati likugwedezeka.

Ndinathamangira kwa oimba aja ndi kumugwira mkono wamkulu wawo. "Achimwene, tazimitsani!"

Anawerama akuseka. "Mwati chiyani anganga? Mukufuna tikuimbireni iti?"

Nditamukuwira m'khutu kuti mwana wasowa, nkhope inasintha. Sanali woipa, kapena ankangooneka choncho. Anati, "Tchulani dzina, ndilengeza pompano." Ndinakana. Dzina la mwana wamasiye ndilimwaze msika wonse, aliyense alitole? Koma mayi wogulitsa tomato, amene tinkayandikana malo, anali atanditsatira, ndipo analitchula iye. Mnyamatayo analikuwa pasipika kawiri katatu, mawu aamuna, aakulu ngati akuchokera kumwamba.

Ndinadziwa kuti ngati mwanayo ali pafupi, wachita zimene ndinamuuza, wabisala kwambiri. Ndipo ngati wina wamugwira dzanja, tsopano wadziwa ndi dzina lomwe. Wamakaseti sanatsitse kalikonse. Mlaliki, poona kuti anzake akumuposa, anachita kukweza.

Pambali pa msewu panali mtengo wa mango. Sindikumbuka kuti ndinaganiza. Ndinangoona manja anga akukhadzula nthambi zamasamba aawisi, ndi kukaziyala pamsewu, uku ndi uku, monga timachitira pamudzi pakagwa zovuta.

Woyamba kuona anali mnyamata wa kabaza. Anatsika panjinga ndi kuyamba kuikankha. Mnzake anavula chipewa. Wamakaseti anazimitsa, oimba anazula waya pabatire, mlaliki anatsala yekha pang'ono, nayenso anadukiza pakati pa vesi. Msika wonse zii. Ndinamva mbuzi ikulira kuseri kwa masitolo.

"Watisiya ndani?" wina anafunsa chapansipansi.

Ndinakoka mpweya, ndi kuitana kamodzi kokha, monga ndimaitanira kumunda.

"Ee, anganga!"

Anatulukira pansi pa benchi la wogulitsa kaunjika, pafupi pomwepo, moti ndikanamuponyera mwala. Anali atadzifunditsa thumba. Anati anatsata wovina uja kuti aone jekete, kenaka anamva bambo wina akumuitana, ndiye anabisala. "Sindinayankhe, anganga." Ndinamuuza kuti wachita bwino.

Atcheya anabwera maso ali psuu. "Mayi inu, mwaitana maliro pamsika popanda wakufa! Amenewa ndi malodza. Akafa munthu sabata ino, ali pamutu panu." Anthu amene anavula zipewa aja anayamba kunditukwana. Nthambizo ndinazitola ndekha, mwana ali kumsana ngakhale anali wamkulu.

Mawu a atcheyawo anandilowa. Ndinali nditayala masamba ndikuganizira mwana ameneyu, ndiye imfa ikanati ibwere kudzafunsa amene anaiitana, ikanayambira khomo la ndani? Sabata imeneyo sanatuluke pabwalo. Akatsokomola, ndinkathamangira kukamugwira pamphumi. Ndikamva kulira kwina kulikonse, ndinkaima ndi khasu m'manja kumvetsera. Sabata inatha, sikunafe munthu.

Pambuyo pake akomiti ya msika analamula kuti masipika azikhala kumapeto, kumene amaimika njinga, ndipo asamakweze. Ena anati ndi chifukwa cha ine, ena anati a kuchipatala ndi amene anadandaula. Lamulolo silinaone mvula yotsatira. Masipika anabwerera mmodzimmodzi.

Ine sindinapitenso kwa atcheya. Popita kumsika ndinkamanga nsonga ya chitenje changa padzanja la mwana, ndipo nandolo wanga ndinakamuyala pansi pa mtengo wa mango uja, mbali imene nthambi zake ndimazifikira.