Kanyenya wa ku Likhubula

Mimba yanga yachitatu ndinaimalizira ku chidikiro. Mwana wachiwiri anabadwa pa opaleshoni, ndiye kusikelo anandiuza mosapsatira kuti ulendo uno ndisayerekeze kudikirira kunyumba, ndipite msanga ndikakhale pafupi ndi chipatala. Kwathu ndi kuseri kwa minda ya tiyi, ndipo mvula ikagwa kuphiri mtsinje umadzaza, palibe amawoloka. Ndinamanga katundu, ana n'kuwasiya kwa amayi, achemwali anga aakulu n'kunditsatira ngati gadiyani.

Amene sanakhaleko ku chidikiro asandiuze za kutopa. Sukudwala, koma sungachoke. Udzuka, usamba, ukayezetsa, ubwerera pamkeka n'kumayang'ana mimba za anzako. Wina matenda akamuyamba mumamuperekeza ndi maso, mawa lake pamalo pake pagona mlendo. Ukangoyandikira pageti, alonda akufunsa kale kumene ukupita, ndipo yankho ulibe chifukwa kulibedi kopita. Ine ndine munthu woyendayenda, wa geni ya nthochi, moti kukhala kumeneko kunkandiwawa kuposa msana.

Pamwamba pa zonsezo inandigwira nkhuli. Anzanga ankalakalaka dothi la pachulu, ena mango osapsa, koma ine nyama yambuzi yootcha basi. Mphepo ikabweretsa kafungo ka makala kuchokera kumsewu, malovu ankadzaza m'kamwa mpaka misozi kulengeza. Amuna anga amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, Mulanje yense amamuzungulira, choncho ndinawauza kuti popeza mimbayi sindinadzipatse ndekha, kulikonse kumene apite azindibweretsera kanyenya mpaka tipeze wabwino koposa.

Anamvera, ndisawanamizire. Wa ku Thuchila ankabwera wambiri, makamaka tsiku la msika, koma anyamata akumeneko amaotcha mothamanga: kunja kwapserera, m'kati magazi. Wa pa Chitakale ankamveka mafuta a chipisi a dzana. Wa pa Boma anali wokoma ndithu, koma tizidutswa take ngati akugawira mwana wa mkaka. Wa ku Limbuli achemwali anamutafuna mpaka nsagwada kuwawa, n'kunena kuti mbuzi imeneyo inafa ndi ukalamba, tiipepese. Wa kumalire ku Muloza ankamuthira adyo ndi ndimu monga amachitira anzathu a ku Mozambiki, ndipo anandiotcha pamtima tsiku lonse. Amayi a pamikeka yoyandikana nafe analowerera, aliyense kuikira kumbuyo kwawo, ndipo tinkakangana ngati nkhani ya malire a munda. Konseko nyama inkabwera mofanana, yokulunga m'nyuzipepala yonyowa ndi mafuta, wootchayo atawaza kale mchere wosakaniza ndi tsabola.

Kenako kunabwera ya ku Likhubula. Imeneyi sinali m'nyuzipepala. Inali m'kambale kovundikira, komanga ndi kansalu koyera. Amuna anga anati amaotcha ndi mayi wina amene amaphikira anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri. Abale inu, nyama ija! Yofewa mpaka pafupa, yopsa bwino mbali zonse, mafuta ochuluka atachotsedwa, kautsi kakumveka patali. Inalibe mchere, koma mcherewo unali pambali, womanga bwinobwino m'kapepala, ndipo ndinathira ndekha. Ndinawauza amuna anga kuti asavutikenso kuzungulira, tapeza. Kuyambira pamenepo kambale kaja kankabwera pafupipafupi, mchere uli pambali nthawi zonse.

Sindinazindikire msanga kuti achemwali asiya kudya nawo. Ankati mano akuwavuta. Tsiku lina tikuchapa pampopi, anaonetsetsa kuti tatsala awiri, n'kundifunsa kuti ndinaonapo kuti wogulitsa kanyenya amene sathira mchere. Ndinati mwina ndi kaphikidwe kake. Iwo anangopitiriza kufinya chitenje, n'kunena kuti ndisadzipusitse, tinakulira nyumba imodzi ndipo anatilangiza ndi anthu amodzi.

Ndinadziwa chimene ankatanthauza. Kwathu munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi timati ndi wotentha, ndipo sathira mchere m'chakudya cha mayi wapakati kuopa kumudula. Mwamunanso, mkazi wake akakhala kuti watopa, amayenera kudzisunga. Akapita kunja ndiye mapinga amenewo, mkazi amavutika pochira, ena amatsikira kuli chete ndi mwana yemwe. Mkazi amene akuyenda ndi mwamuna wako, ngati ali ndi mantha, dzanja lake silingakhudze mchere wa chakudya chako.

Ndinapsa mtima. Ndinawauza achemwali kuti ine ndimapemphera, za makolozo ndinazisiya. Ndinatinso mayiyo mwina ali ndi banja lake, akungosamala monga mayi aliyense wolangizidwa. Iwo anandifunsa modekha kuti nanga wogulitsa amadziwa bwanji amene akadye nyama yake, ndiponso ndi wogulitsa uti amabwereka munthu wa kabaza mbale ndi nsalu. Ndinatola zovala zanga zosatsukuluza n'kuwasiya pampopi pomwepo.

Kunena kuti sukhulupirira n'kosavuta uli kunyumba. Ine ndinali ndi chipsera pamimba, mwana akugunda pansi pa chipseracho, ndipo masiku anga anali atayandikira. Ndinachita mantha, mantha enieni. Likhubula si kutali. Ndikanakhala bwinobwino ndikanakwera njinga, n'kukamuona mayiyo m'maso, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Koma ndinali munthu woti ngakhale kupita kubafa achemwali ankandifunsa ngati ndili bwino. Ndinkangokhala pamkeka, kambale kaja kali pambali panga, ndikukayang'ana.

Amuna anga atabwera ndinawafunsa za mcherewo ngati nkhani yocheza. Anayankha msanga kwambiri, ati anamva kuti mchere umatupitsa miyendo ya amayi apakati, ndiye anapempha okha kuti usathiridwe. Ndinawaonetsa miyendo yanga, yosatupa ngakhale pang'ono. Kenako ndinawapatsa kambale kotsuka.

"Mawa mukawauze mayiwo athire okha mchere," ndinatero. "Ndikufuna ndimve dzanja lawo."

Anaseka, n'kunena kuti nkhuli yanga yafika pena. Koma pochoka njinga inawavuta kuliza, ndipo sanatembenuke kundibayibitsa monga ankachitira.

Mawa lake anafika masana, kukuwomba kachiperoni. Tinakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi geti, achemwali atapita kukaphika. Ndinamasula kansalu, n'kuvundukula. Kapepala kanalibe. Mchere unkaoneka pamwamba pa nyama, wowazidwa mosalongosoka, pena wambiri pena ayi. Mtima unatsika. Ndinadzitukwana chamumtima chifukwa chomvera achemwali, ndipo ndinaganiza zokawaonetsa kambaleko kuti achite manyazi. Ndinasankha chidutswa chachikulu cha kunthiti, n'kuchikweza kukamwa.

Amuna anga anandigwira pamkono. Anandigwira mwamphamvu, moti chidutswa chija chinagwera pachitenje.

"Musadye," anatero.

Ndinawafunsa chifukwa chake. Anayang'ana chipewa chawo cha panjinga chimene anachiika pamaondo, n'kulankhula motsitsa.

"Uja wakana kuthira. Ndathira ndine panjira."

"Nanga dzanja lanu lili ndi vuto lanji?" ndinawafunsa. "Inu ndi ine tinasiyana mphasa kalekale."

Dzanja lawo linali likadali pamkono panga. Ndinalichotsa ndekha.

Ndinkafuna kukuwa, kuwaponyera kambaleko kumaso, kuthamangira kwa amalume kuti akaitane ankhoswe tsiku lomwelo. Koma pabenchi ina panali amayi anzanga akutiyang'ana, ndipo ngakhale kudzuka pabenchipo ndinachita kugwirira mtengo. Amuna anga anatenga kambale kawo, alonda anawatsegulira geti, n'kutuluka. Ine ndinabwerera pamkeka wanga.

Achemwali anandipeza nditagona chammbali, nditayang'ana kukhoma. Anakhala pansi n'kuyamba kundisisita msana. Kenako ine, mayi wopemphera uja, ndinawafunsa ngati akudziwa munthu amene amapereka mankhwala a mapinga.

Anati anatumiza kale mawu kumudzi sabata yatha, mankhwalawo ali pansi m'chikwama chawo, ankangodikira kuti ndifunse ndekha.