Bulauzi ya Esinati inali m'sutikesi mwanga

Chifuwa chinayamba mu Meyi chaka chatha, kuzizira kutangofika. Ndinati ndi chimfine cha nyengo, n'kumamwa tiyi wa masamba a zumbani ndi mandimu monga timachitira tonse kuno ku Chiwaridzo. Patatha milungu itatu chinali chisanasiye. Ndinkadzuka m'mawa zovala zili zonyowa ndi thukuta, chakudya sichinkakoma, ndipo lamba wa yunifomu yanga ya kutchalitchi anakhwepa mpaka ndinaboola bowo lina ndi msomali. Ndinaboola nditatseka chitseko kuti wina asaone.

Matenda amenewa sanali achilendo kwa ine. Bambo anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito mumgodi m'dziko lino, anamwalira akutsokomola ku Madziwa. Koma ine ndinali wapampando wa amayi a Lachinayi mumpingo mwathu, amene timayendera odwala titavala zoyera. Ndinkaopa kuonedwa pa benchi ya odwala chifuwa chachikulu, chifukwa ndinkadziwa zimene anthu amanong'onezana akaona mayi wamasiye pamenepo. Ndinkadziwa bwino poti nanenso ndinanong'onezapo za ena.

Mmodzi mwa iwo anali Esinati, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yanga. Chaka cha m'mbuyo mwake anajomba misonkhano ya Lachinayi miyezi itatu, ndipo ankaoneka m'mawa uliwonse akukwera kombi ndi roja wake, mwamuna wochita lendi panyumba pake, wokumba golide m'maenje, pomwe mwamuna wake anali kuntchito kunja kwa dziko. Pa gulu lathu pali lamulo lakuti mayi akalakwa amavulidwa yunifomu: amapereka bulauzi, lamba ndi chipewa kwa wapampando kuti asunge mpaka atalapa. Ndine ndinaimirira n'kunena mlandu wake. Sindinamufunse kanthu. Iye anabweretsa zovalazo atazichapa ndi kuzisita, ine n'kuziponya pansi pa sutikesi, mtima uli mbee kuti ndayeretsa mpingo. Kuyambira pamenepo moni wathu unali wa pampanda basi.

Lachiwiri lina mu Julaye ndinali kuyanika zovala pamene ndinatsokomola magazi. Ndinakhala pansi pafumbi. Esinati anaona ali kuseri kwa mpanda. Sanafunse ngati ndikufuna thandizo. Anandifunditsa bulangete lake, kutseka nyumba yanga, n'kukaimitsa kombi.

Kuchipatala tinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Anandiyeza pa sikelo, anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, ananditenga magazi, kenako anandijambula m'chifuwa. Ndinakhala pa benchi ija ndinkaiopa, duku nditalikokera kumaso. Zotsatira zitatuluka, namwino anandiuza kuti ndi chifuwa chachikulu ndipo chalowa kwambiri mbali ya kumanja. "Mhamha, mwachedwerenji chonchi?" anatero. "Matendawa amachira, koma pamafunika miyezi isanu ndi umodzi osadumpha tsiku. Ndani azikuonani mukumeza mankhwala?"

Ndinalibe dzina loti nditchule. Mwana wanga wamkazi ali kutali, ndipo amayi a gulu langa sindinkafuna kuti adziwe. Namwino anatukula maso, n'kuona Esinati pakhomo, nkhope ya namwinoyo n'kuwala. "Aa, muli ndi Mai Rudo? Ndiye mwachira kale. Awa ndi amene anabwera ndi bambo uja wa kumakorokoza, wokumba golide uja, tsiku lililonse, munthu wopanda m'bale, tonse titataya mtima. Pano akuyenda." Mai Rudo ndi Esinati, potchula dzina la mwana wake.

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Kombi ija ya m'mawa uliwonse, imene ndinaimangira mlandu pamaso pa amayi onse, inkabwera pa benchi yomweyi. Esinati sanandiyang'ane. Anangolandira khadi langa n'kufunsa namwino nthawi yabwino yomwera mapiritsi.

Ndinagonekedwa masiku asanu ndi anayi. Nditatuluka, Esinati ankafika m'mawa uliwonse dzuwa likutuluka, ndi madzi m'kapu. Ankaima mpaka nditameza, kenako n'kuchonga pa khadi. Mkodzo unasanduka wofiira monga anatichenjezera, mfundo zinkawawa, ndipo milungu yoyamba ndinkasanza. Iye ankatsegula mawindo onse ngakhale ndidandaule za mphepo, kutaya chidebe, kuchapa nsalu, n'kundiphikira phala la chiponde. Pakamwa panga sipanadwale nawo, ndiye ndinkamudzudzula kuti phala lachepa mchere. Ankangoseka.

Nkhani siibisika ku Chiwaridzo. Lachinayi lina amayi a gulu langa anabwera, khumi ndi awiri, zoyera zili mbuu. Anaima pakhomo la chipinda, osalowa. Anaimba nyimbo ziwiri, wina anapemphera mokweza kuti a nyumba zoyandikana amve, anasiya sopo ndi shuga patebulo, n'kumapita. Chidebe chinali pansi pa bedi pomwepo, chodzadza. Sindingawanene, chifukwa anachita ndendende mmene ndinawaphunzitsira. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinayendera odwala chomwecho, ndipo sindikukumbuka kuti ndinagwirapo tsache m'nyumba ya wodwala aliyense. Atachoka, Esinati analowera kukhomo la kuseri, atavala diresi lake lakale la maluwa, n'kunyamula chidebecho.

Mwezi wachitatu chifuwa chinaleka, thupi linayamba kubwerera, ndipo ndinaganiza kuti mapiritsi akwana. Kunena zoona, chimene chinanditopetsa sichinali mapiritsi koma kuona nkhope ya munthu amene ndinamulakwira ikunditumikira m'mawa uliwonse. Ndinamuuza kuti ndapemphera, ndachira, asavutikenso. Anakhala pampando, kapu ili m'manja. "Amayi, handiende, sindichoka," anatero. "Kupemphera pempherani, inenso ndimakupemphererani, koma mumeze ndikuona. Mukasiya pano chibwerera chokwiya, ndipo ine sindikufuna kuphika pamaliro anu." Ndinameza.

Tsiku lomwelo ndinamutuma kuti anditengere nsalu yoyera m'sutikesi, nditaiwala chimene chinali pansi pake. Ndinamuona akutulutsa bulauzi yake, itachita makwinya, chipewa chitaphwanyika. Anaiyang'ana pang'ono, anaipinda bwinobwino, n'kuibwezera. Anandiyalira nsalu ija. Atatuluka ndinalira kuposa tsiku limene namwino anandiuza za matenda. M'mawa mwake ndinamufunsa chifukwa chake sanadziteteze tsiku la mlandu. Anati bambo uja anamupempha kuti asauze munthu za matenda ake, ndipo panalibe amene anamufunsa.

Ndinamaliza mankhwala mu Januwale. Makhololo omaliza anatuluka opanda kachilombo, ndipo sikelo inaonetsa kuti ndabwerera pafupi ndi pamene ndinali. Dokotala anati bala latsala m'phapo la kumanja chifukwa chochedwa, ndiye ndikakwera chitunda ndimapuma kawiri.

Lachinayi loyamba nditapeza mphamvu ndinachapa bulauzi ija, ndinaisita ndekha, n'kupita nayo kumsonkhano. Ndinaimirira pamalo pomwe ndinanenera mlandu, ndipo ndinauza amayi kuti ndinanamizira munthu wosalakwa. Ena anaweramitsa mitu, koma ndinanena zonse, mpaka za chidebe. Upampando ndinautula tsiku lomwelo. Esinati anavala bulauzi yake, ngakhale amajombabe Lachinayi lina. Masiku amenewo inenso ndimajomba, chifukwa timakhala tili limodzi kwa gogo wina wa kudera la Aerodrome amene sadzuka, iye akuchapa, ine ndikusesa.

Kwa inu amene mukutsokomola kupitirira milungu iwiri, mukutuluka thukuta pogona, zovala zikukhwepa, pitani kuchipatala sabata ino, osati mawa la mawa. Kuyezetsa sikupweteka, ndipo matendawa amachira mukamaliza mankhwala onse. Ine manyazi anandidyera miyezi iwiri ndi chidutswa cha phapo. Ndipo mukaona mnzanu akukwera kombi m'mawa uliwonse ndi munthu wowonda, musathamangire kukanena kumpingo monga ndinachitira ine. Mufunseni ngati akufuna womuthandiza kunyamula chikwama.