Manja a Mwana wa Wotchola Tiyi

Ku Doha kuno munthu umakhala chimene wanena kuti ndiwe, poti palibe amene angakwere ndege kukafunsa kumudzi kwanu. Ine nditayamba ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina ku Pearl, ndinauza anzanga kuti mayi anga ndi mphunzitsi pa sukulu ya pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Esitetiyo ilipodi, sukulu nayonso ilipo. Koma mayi anga amatchola tiyi, ndipo anayamba kutchola ine ndisanabadwe. Bodzali linandituluka mosavuta tsiku loyamba, kenako ndinalisenza zaka zitatu.

Amene analimva kwambiri ndi mnzanga wa ku Sri Lanka, yemwe timagona chipinda chimodzi ku Al Asmakh, iye bedi lam'mwamba, ine lapansi. Mkangano wathu unali umodzi tsiku ndi tsiku: tiyi wokoma ndi wa kwa ndani. Iye sankabisa kanthu. Ankanena poyera kuti mayi ake amatchola tiyi kumapiri, ine n'kumagwedeza mutu ngati womumvera chisoni. Ndikakumbukira kugwedeza mutu kumeneko ndimadzida.

Chaka china tchuthi chathu chinagwera mwezi umodzi, ndipo anati tipite kwawo ndikadzionere ndekha, mkangano uthe. Ine chidwi ndiye matenda anga. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Tinayamba ndi matauni. Tinkakwera tinjinga tamoto ta matayala atatu, timene timadzipanikiza pakati pa mabasi awiri woyendetsa akucheza pafoni. Chakudya chinali mpunga m'mawa, masana ndi madzulo, ndiwo zake zothira kokonati, ndipo ine amene ndinkadzitama kuti ndinakulira tsabola wa kambuzi ndinagwetsa misozi pa mbale yoyamba.

Ku kachisi wawo nsapato zimatsala pachipata. Dzuwa linali paliwombo, miyala ya pabwalo itapsa, moti ndinkadumphadumpha pamene agogo ovala zoyera ankandidutsa mwachifatse. Mnzanga anandipatsa duwa loti ndikaike patsogolo pa chifanizo, ine n'kuyamba ndalinunkhiza. Mayi wina anandigwira dzanja n'kulitsitsa, osati mwaukali. Duwa la nsembe salinunkhiza, anatero mnzanga, chifukwa fungolo si lako. Zimenezi zinandikoma, ndipo ndinayamba mafunso. Bwanji chifanizo china chagona cham'mbali pamene zinzake zakhala? Bwanji mtengo uwo autchingira ndi mpanda, anthu n'kumauzungulira ndi timiphika ta madzi? Anyani awa ali ndi mwini wake? Ndinafunsa mpaka mnzanga anati zina ndikafunse agogo ake kumanda.

Tsiku lachisanu tinakwera sitima yopita kumapiri. Inkayenda pang'onopang'ono, zitseko zili pululu, mphepo ikuzizirira tikamakwera. Kenako kunabwera fungo la masamba ofota lochokera ku fakitale ya tiyi. Fungo limenelo ndinabadwira momwemo. Ndinaona mizere yobiriwira ikuzungulira phiri, ndi nyumba za antchito zondandalikana, denga limodzi makomo ambirimbiri, monga momwe ndinakulira. Chimene ndinamva sichinali chimwemwe chokha. Ndinachita mantha.

Mayi a mnzanga anali aafupi, ochepa thupi, ndi kandolo pamphuno. M'mawa mwake tinawatsatira kumunda. Chimene chinandidabwitsa ndi dengu: kwathu amalikoleka m'mapewa, koma iwo lamba wake amamudutsitsa pamutu, kulemera konse n'kutsikira m'khosi. Ndinalizungulira dengulo kawiri, ndikufunsa ngati khosi siliwawa.

"Mwana wa aphunzitsi ayese," anatero mnzanga, n'kubwereza m'chinenero chawo. Azimayi onse otchola nawo anaseka. Anazolowera alendo amene amazula tsamba limodzi, n'kuima kuti ajambulidwe.

Ndinakonza zoti ndichite ngati mlendo woteroyo. Koma anandiveka dengu, n'kugoneka ndodo yaitali pamwamba pa tiyi, ndodo yomwe imaonetsa pamene kutchola kuyenera kulekezera. Ndodo ngati imeneyo mayi anga ankandimenya nayo zala pa tchuthi cha sukulu ndikatchola mozama. Manja anga sanandifunse. Anayamba okha, onse awiri, masamba awiri ndi nsonga, masamba awiri ndi nsonga, akadzaza n'kuponya kumbuyo ine osacheuka. Choipa kwambiri, ndinkathyolanso masamba okhwima otumphukira pamwamba pa ndodo n'kumawataya pansi, kuti pamwamba pakhale posalala. Mlendo sangadziwe zimenezo. Nditafika kumapeto kwa mzere ndinamva kuti kuseka kunatha kalekale.

Mayi a mnzanga anabwera, nagwira manja anga, n'kuwatembenuza uku ndi uku. Analankhula mawu ochepa.

"Akufunsa kuti amene anakulera ndani," anatero mnzanga, maso ali pa ine. "Akuti ameneyo amadziwa ntchito."

Ndinanena zoona pomwepo, dengu lili kumsana. Mnzanga anamasulira zonse, ngakhale za bodza lija, osachotsapo kanthu. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero.

Koma mayi akewo bodzalo sanalilabadire n'komwe. Nkhope inawala, ndipo mafunso anakhala awo. Kwanuko mapiri ndi otsetsereka chonchi? Njoka zilimo? Mvula ikagwa amavala chiyani? Atamva za dengu la m'mapewa anayesa kulikoleka choncho, azimayi anzawo akufa ndi phwete. Potsiriza analoza foni yanga. Ankafuna kumuona mnzawo wa kutsidya kwa nyanja ali m'munda mwake.

Ndinafufuza. Zinsanja za ku Pearl, maboti, ine nditavala tayi, anyani a kukachisi. Chithunzi cha mayi chinalipo chimodzi, atavala za kutchalitchi, ataima chilili pakhonde. Ndinakumbukira mmene chinajambulidwira. Tsiku limenelo ankachokera kumunda, dengu kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno, akuseka, mlongo wanga n'kukweza foni. Ine ndinamuletsa. Ndinati ayambe asamba ndi kusintha, chifukwa zithunzizo zikaonedwa ndi anthu ku Doha.

Mayi a mnzanga anachiyang'ana chithunzicho mwaulemu, n'kundibwezera foni. Ndinawalonjeza kuti china chibwera.

Titabwerera ku Doha ndinamuimbira mlongo wanga ndisanayambe shifiti.

"Mawa upite kumunda ukawajambule mayi akutchola. Usawauze kuti asinthe, ungowajambula mmene alilimo."

"Achimwene, mwadya chiyani kumene munapitako?" anafunsa akuseka, koma anavomera.

Chithunzi chinafika tsiku lachitatu, ndili m'basi ya kuntchito, mnzanga atakhala pambali panga. Tinachitsegula limodzi. Mayi anaima pakhonde lomwe lija, atavala za kutchalitchi, duku loyera, manja atawabisa kumbuyo.

Pansi pake mlongo wanga analemba kuti anayesetsa, anapita mpaka kumunda, koma mayi atangoona foni anatula dengu n'kuuyamba wa kunyumba kukasamba. Anati mwana wawo ali pakati pa anthu, asamuchititse manyazi.