Khadi la Pansi pa Mulu

Mayi Loness Kefasi, oyandikana nafe nyumba, anabadwira m'komboni ya esiteti ina ya tiyi ku Honde, kuno kudziko la anthu a Chishona, makolo awo atachokera ku Mulanje. Chaka chenicheni sachidziwa, ndipo sindifuna kulemba zimene sindikutsimikiza. Anathyola tiyi mpaka msana unakana dengu. Popeza anafika Fomu 2, akuluakulu a esiteti anawapatsa ana a sukulu ya mkaka kuti aziwayang'anira.

Moyo wawo wonse akhala akusekedwa chifukwa cha lilime. Chishona chilibe l, pamene ife a Chinyanja l ndi r timazisakaniza osazindikira. Akanena m'minibasi kuti atsikira pa Luda, kondakitala ankafuula, "Ruda, amayi! Luda ndi kwanu ku Malawi uko!"

Chaka chatha sukulu inalandira makhadi ophunzitsira kuwerenga Chingerezi. Monga ndinamvera, mwana satchula dzina la chilembo koma kamvekedwe kake, kenako amalumikiza: l, e, g, leg. Ana a Chishona ankati reg. Amene anatchula bwino anali Sarudzai, mtsikana wa zaka zisanu woleredwa ndi agogo ake aamuna, a Joao, obwera a lilime ngati lathuli. Mwanayu anali atasiya kulankhula m'kalasi, chifukwa agogowo ankamuitana pageti kuti "Saludzai", ndipo anzake anatola dzinalo.

"Mwamva?" anatero Mayi Loness. "Liwu lomwe mumamuseka nalo lija, Chingerezi chikulifuna. Bwera kutsogolo, mwanawe, uwaphunzitse anzakowa."

Kwa miyezi iwiri Sarudzai ankaima kutsogolo: lip, lid, log. Anayamba kukweza dzanja, ngakhale pa funso limene sankalidziwa. Kunyumba ankasakasaka l pa matumba a feteleza n'kumawaonetsa agogo ake.

Koma khadi la r Mayi Loness ankalibwezera pansi pa mulu tsiku lililonse. Anandiuza okha kuti ankaliopa. Ankangoti mawa, mawa.

Mu Okutobala mphunzitsi wamkulu, Bambo Chamunorwa, anabwera ndi mayi wina woyendera masukulu. Mayi Loness anaimiritsa Sarudzai, ndipo anawerenga makhadi atatu osaphonya. Ndiye mlendoyo anasolola yekha khadi la pansi.

"Nanga ili?"

Linali red. Sarudzai analiyang'ana mosaopa n'komwe. "Led."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. "Saludzai! Saludzai!"

"Aphunzitsi, muthandizeni mwanayo," anatero mlendo.

Mayi Loness anapinda lilime, anakoka mpweya. Chimene chinatuluka chinali chomwecho: "Led."

Mlendoyo sanaseke, zimenezi ndiyenera kunena mwachilungamo. Anangolemba m'buku mwake. Patatha masabata awiri kunabwera mtsikana wa satifiketi wochokera ku Mutare, ndipo Mayi Loness anapatsidwa tsache la kufakitale. Sindinganene kuti chinawachotsa ndi khadi lokhalo. Ena akuti nkhani ya satifiketi inalipo kale. Iwo za ntchitoyo sadandaula kwambiri. Amangoti, "Ndinamuimika mwana wa eni pa gulu ndisanamupatse zonse."

Mwezi watha ndinawaperekeza ku Hauna kokagula mbewu. M'golosale tinakumana ndi a Joao ali ndi Sarudzai. Atapatsana moni, Mayi Loness anatenga paketi ya mkaka yolembedwa milk, anagwada movutikira n'kuika chala pa chilembo choyamba.

"Tiye, mwanawe, tonse awiri. Mmm..."

Mwanayo anayang'anitsitsa chilembocho. Ndikukhulupirira kuti ankadziwa. Anayang'ana wogulitsa, anayang'ana anthu a pamzere, kenako anayankha chapansipansi m'Chishona, "Handizivi." Ndiye kuti, sindikudziwa.

"Nakusukulu n'chimodzimodzi, mayi," anatero a Joao. "Aphunzitsi atsopanowa akuti ndi wogona, abwereze kalasi."

Mayi Loness anadzuka chogwirira shelefu, nabweza mkakawo pamalo pake.