Majezi Osada a Mayi Thovu

Kuseri kwa bwalo lalikulu la masewero, kupitirira pomwe amaimika basi ya timu, kuli kachipinda kamene anthu ovala mataye sadziwa n'komwe kuti kaliko. Muli makina ochapira awiri, koma enawo anafa kalekale ndipo anasanduka tebulo. Muli mabeseni atatu, simbi, kabati yachitsulo, ndi mayi ena afupi, a mikono yolimba, amene achapa majezi a timu ya dziko kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Kuyambira mlonda wa pageti mpaka kaputeni wa timu, onse amangoti Mayi Thovu.

Ntchitoyi anailowa ali ndi mwana kumbuyo, ati angogwirizira masabata awiri poti wochapa wakale anathyoka mkono. Mwanayo pano ndi namwino, nayenso akubereka wake.

Mpira sankauonera. Bwalo likamagwedezeka ndi phokoso, iwo amakhala akuviika matawulo. Komatu musawaderere, chifukwa osewera ankawadziwa kuposa amene amalipira pageti. Wotchinga kumbuyo wolimbikira ankamuzindikira ndi kabudula wobiriwira kapinga mbali imodzi. Waulesi ankamuzindikira ndi fungo la perefyumu. Aphunzitsi a timu, amene ankasinthidwa pafupipafupi ngati masokosi, ankazolowera kudzasuzumira pakhomo Lolemba m'mawa.

"Nanga nambala teni mwamuona bwanji, Mayi?"

"Ameneyo anapita kukajambulitsa. Jezi yake ndingoipinda."

Amuna awo ndi ometa tsitsi, ndipo monga ometa onse, timu ya dziko anaikonza kalekale. Nzeru yawo inali imodzi: chotsani mphunzitsi, lowani mpikisano uliwonse womwe wamveka pa wailesi, anyamata akhwimira komweko. Ankafotokoza zimenezi akuloza ndi lumo, kasitomala ali phee kuopa kusiya khutu pampando. Mayi Thovu ankangoseka. Iwo ankawakonda kwambiri amuna awowo, koma pa nkhani ya mpira ankaona kuti Mulungu anawapatsa mawu okha.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkawadya mtima. Zaka zitatu m'mbuyomo kunabwera katoni ya majezi makumi awiri ndi awiri, ang'onoang'ono, a timu ya atsikana osapitirira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Atsikanawo analipo ndithu. Loweruka lililonse ankabwera kudzachita zokonzekera pa kabwalo kafumbi ka kuseri, atavala malaya a azichimwene awo. Chaka chilichonse ankawalonjeza mpikisano wakunja, ndipo chaka chilichonse dzina lawo linkasowa pa mndandanda. Majeziwo anangokhala m'kabati, osakhudzako madzi ngakhale dontho. Atsikana ankakula, nsalu osakula. Chaka chimenechi akanapanda kupita, kaputeni wawo ndi anzake ambiri akanapitirira msinkhu osavalako mtundu wa dziko lawo.

Tsiku lina Lachitatu, mphunzitsi wa atsikanawo analowa m'kachipindako n'kudzikhazika pa makina akufa aja. Anali mayi wamtali amene ankamutcha Mphezi kuyambira nthawi yomwe ankasewera yekha.

"Mawa akuluakulu akukhala pansi," anatero. "Makalata otiitana abwera atatu, koma akuti chaka chino tingakwanitse mipikisano iwiri basi. Wina ndi wa ndime zachipulula wa anyamata, umenewo suthawika. Malo otsalawo tikulimbirana ife ndi kachikho kena ka anyamata omwewo kutsidya kwa nyanja. Kulembetsa kukutsekedwa Lachisanu."

"Ndiye?"

"Mukudziwa kale, Mayi. Kwathuko n'kwa basi, dziko loyandikana nalo pompa. Kutsidya kwa nyanja n'kwa ndege, ndipo akuluakulu amakonda ndege."

M'mawa mwake amuna awo anawapeza akukulunga chingwe chatsopano choyanikira, ndipo anadziwa kuti pali kanthu.

"Mayi, zinthu za akuluakulu musaikepo mlomo. Inu zanu ndi sopo."

"Mlomo ndauika pati, bambo? Ine ndikukayanika."

Zovala ankayanika kuseri nthawi zonse, kumene kulibe maso. Tsiku limenelo anamanga chingwe kuchokera pa mtengo wa magetsi mpaka pa mpanda, pansi penipeni pa zenera la chipinda cha misonkhano. Kumanzere anapachika majezi a anyamata amene anali atasewera magemu khumi ndi anayi pa miyezi isanu: otuwa, azigamba m'khwapa, manambala akusendeka. Kumanja anapachika a atsikana aja ndandanda, owala mbee, timapepala ta kufakitale tikulendewerabe m'khosi. Atamaliza anakhala pa beseni lovundikira n'kumadikira. Kunena zoona anali ndi mantha.

Panapita ola lathunthu. Kenako zenera linatseguka, n'kutuluka mutu wa wapampando wa bungwe la mpira, magalasi ali pamphuno.

"Mayi, kodi pano pasanduka msika wa kaunjika?"

"Pepani bwana, ndikuchotsa pompano. Kungoti awa akumanzerewa ndimafuna apumeko. Ndikawafinya akumang'ambika m'manja. Ndiye ndimadzifunsa kuti ngati nsalu yatopa chonchi, nanga mwana wa munthu amene amakhala m'katimo?"

M'chipindamo wina anaphulika kuseka. Anali dokotala wa timu, amene kuyambira m'mawa ankanena zomwezo ndi mapepala ake, anthu n'kumayasamula.

"Nanga atsopanowo ndi a ndani?" anafunsa wapampando.

"Ndi a ana anu aakazi, bwana. Chaka chachitatu chino sindinawachapepo. Ndikachapa chiyani? Akupempha fumbi basi."

Zenera linatsekeka. Mayi Thovu anaganiza kuti zawo zada, ndipo anayamba kulingalira mmene akawauzire amuna awo. Koma posakhalitsa anamva nsapato zikutsika masitepe, ndipo akuluakulu asanu ndi awiri anaima pafumbi, pamalo amene ambiri a iwo anali asanapondepo. Wapampando anagwira jezi ya nambala naini ya anyamata, chala n'kutulukira kuseri. Anapita kumanja n'kuwerenga kapepala ka m'khosi, pomwe panalembedwa chaka. Kenako anatembenukira kwa Mayi Thovu.

"Ndani anakutsinani khutu za msonkhanowu?"

"Palibe, bwana. Dzuwa ndi limene lili bwino kuno."

Wapampando anayesa kukwinya nkhope, koma zinakanika.

Cha m'ma thili koloko Mphezi analowa akuthamanga n'kuwanyamula Mayi Thovu juu ngati mtolo wa zochapa. Atsikana awalembetsa, anyamata apuma mwezi wonse. Awiriwo anavina pakati pa mabeseni mpaka kugubuduza ndowa. Loweruka atsikana atayesa majezi, asanu anali othina. Mayi Thovu anasosola misoko n'kuwonjezera nsalu m'mbali, uku akuwakalipira kuti amadya ngati akulima.

Mpikisanowo anaumvera pa wailesi ya ku malo ometera a amuna awo, amene tsopano ankauza kasitomala aliyense kuti maganizo okweza atsikana anachokera pampando womwewo. Gemu yoyamba atsikana anakwapulidwa zigoli zinayi kwa chilowere. Yachiwiri anafanana mphamvu. Yachitatu anapambana ndi chigoli chimodzi, ndipo Mayi Thovu anapezeka akulumpha pamsewu, amuna awo akuwatsatira ndi lumo m'manja, kasitomala atamusiya ndi theka la mutu. Chikho sanachitenge, koma tsiku limenelo palibe anachikumbuka.

Basi itafika, kaputeni anakoka yekha chikwama cha zochapa mpaka pakhomo la kachipinda kaja, kenako anaima chapatali akukanda m'mutu. Mayi Thovu anakhuthulira pansi. Matope, thukuta, kapinga, magazi pang'ono pa sokosi. Anawerenga majezi kawiri. Awo analipo makumi awiri ndi imodzi, ndipo panalinso ina yachikasu imene sanaionepo.

"Nambala foro ili kuti?"

"Ndinasinthana ndi kaputeni wa timu ija tinaigonjetsa, Mayi."

"Iwe mwana, ine chilowereni ntchito ino sindinasowetsepo ngakhale sokosi imodzi. Lero ukagawe jezi ya dziko ngati mpango?"

"Anachita kundipempha yekha. Anandilondola mpaka pa basi. Akuti palibe amene anamuvutitsapo ngati ine, ndiye akufuna azikandikumbukira."

Mayi Thovu anasiya kukalipa. Anamuyang'ana mtsikanayo: bondo lomanga bandeji, milomo yosweka ndi dzuwa, mwezi wamawa akupitirira msinkhu. Ulendo wake woyamba ndi timuyi unalinso womaliza, koma kunja kwa malire kunali munthu amene anasunga nambala yake. Chimwemwe chinawadzaza mpaka misozi inalengeza, ndipo sanabise.

Anatola jezi yachikasu ija n'kuiika m'manja mwa mtsikanayo.

"Iyi yokha sindichapa. Tenga, ukaonetse mayi ako ili chomwechi."

"Komatu ikununkha, Mayi."

"Inunkhe. Aone kuti mwana wawo anapitadi."

Mtsikanayo anaipanira kukhwapa n'kuthamangira anzake. Mayi Thovu anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anakwinya manja a bulauzi, n'kutsegula mpopi.